Kodi mkungudza watheradi pa Mulanje?

Mayi wina wa ku Phalombe wandilembera imelo. Akuti anamva pa wailesi kuti mkungudza watha paphiri la Mulanje, koma atakwera chaka chatha anaona mitengo yambiri yooneka ngati mkungudza, ndipo pa Likhubula anapeza timabokosi tonunkhira tikugulitsidwa. Funso lawo: kodi akafukufukuwa sakukokomeza?

Mayi, sakukokomeza ayi. Paphiripo pali mitundu iwiri yapachibale. Wina, umene akatswiri amautcha Widdringtonia nodiflora, ndi waufupi, wanthambi zambiri, ndipo moto ukadutsa umaphukiranso pachitsa. Ndikuganiza kuti yambiri imene munaona ndi imeneyi. Mkungudza weniweni, Widdringtonia whytei, umene unasankhidwa mu 1984 kukhala mtengo wa dziko lathu, umakula mowongoka mpaka mamita 40, koma ukapsa wapsa basi, suphukiranso. Mwachilengedwe sumera kwina kulikonse padziko lapansi koma pa Mulanje pokha.

Anthu owerenga mitengo akakwera ku Chambe, ku Lichenya kapena ku Sombani sawerenga chilichonse chobiriwira. Amafuna mitengo ikuluikulu yobereka mbewu, chifukwa ndiyo ingabwezeretse nkhalango. Mu 2017 anapeza isanu ndi iwiri yokha, ndipo kafukufuku wa chaka chotsatira sanapeze ndi umodzi womwe. Chimene anapeza ndi zitsa, maenje a macheka ndi utuchi wofiirira.

Chomwe chimandipweteka mtima ndi mmene tinafikira apa. Kale ofesi ya zankhalango inkalola kucheka mitengo yakufa yokha. Anthu ena anayamba kusenda khungwa kuzungulira thunthu kapena kuyatsa moto patsinde kuti mtengo wamoyo ufe, kenako n'kudzaucheka ngati wouma. Matabwa ake safumbwa, chiswe sichiwadya, n'chifukwa chake ogula sankasowa. Onjezani moto wa osaka nyama chilimwe, nsabwe zoyamwa madzi a mtengowu, ndi paini wa ku Mexico amene anafalikira m'malo ake.

Za timabokosi: ngati ndi mkungudzadi, thabwa lake liyenera kuti lachokera paphiri lomwelo, kaya pachitsa chakale kaya pamtengo wobedwa. Ine sindigula, ndipo ndikupemphani inunso musagule. Kuyambira 2019 malonda a mtengowu kunja kwa dziko ali pansi pa malamulo a CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zimene zili pangozi yakutha.

Mbande zilipo. Kuyambira 2016 bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust, pamodzi ndi a Forestry Research Institute of Malawi ndi a BGCI (bungwe la padziko lonse loteteza zomera), anakhazikitsa manazale m'midzi yozungulira phiri, ndipo mbande pafupifupi theka la miliyoni zinasenzedwa n'kukadzalidwa pamwamba. Koma mbande idakali kutali kuti ikhale mtengo wobereka, ndipo moto wa tsiku limodzi mu Okutobala ukhoza kupsereza ntchito ya zaka zitatu. Ngati mukufuna kuthandiza, funsani pa nazale ya kwanuko za ntchito yolambula njira zotchinga moto mvula ikangotha, udzu usanaume.