Dzina loti Türkoğlu ndi mfunda kodi?

Mchemwali wina wanditumizira imelo, akuti kuntchito kwawo kuli bambo wa ku Turkey dzina lake lomaliza Türkoğlu, ndiye akufuna adziwe tanthauzo lake komanso ngati lili ngati mfunda, zija ukangomva Phiri kapena Banda wadziwiratu kochokera munthu.

Achemwali, tanthauzo lokha silovuta. Türk ndi munthu wa mtundu wa chi Turkey, oğlu ndi mwana wamwamuna wa uje, basi. G wa kachizindikiro pamutuyo samveka, mumangokoka o uja.

Koma za mfundazo ayi, musathamange. Mayina amenewa si akale kwenikweni. Nthawi ya ufumu wa Ottoman, womwe unkalamulira Turkey kalelo, Asilamu ambiri kumeneko analibe dzina la banja, munthu ankadziwika ndi dzina la bambo ake, ntchito yake kapena kwawo. Pa 21 June 1934 boma la Mustafa Kemal, pulezidenti woyamba wa Turkey, linakhazikitsa lamulo loti banja lililonse lisankhe dzina nkukalembetsa, iyeyo nyumba ya malamulo inamupatsa loti Atatürk chaka chomwecho. Ndiye apa ndi pomwe pali nkhani, lamulo lomwelo linaletsa kutenga dzina la fuko kapena la mtundu wina, moti Mkurd (ma Kurd ndi mtundu wina wa anthu okhala ku Turkey komweko) sakanalembetsa Kürtoğlu, wochokera ku Albania sakanalembetsa Arnavutoğlu, pomwe lokhala ndi Türk linkadutsa bwinobwino chifukwa boma linkafuna aliyense adzitche mtundu umodzi. Nchifukwa chake Öztürk, kutanthauza wa chi Turkey weniweni, ndi limodzi mwa mayina ofala kwambiri mpaka lero. Ineyo zimandikhudza ndithu, taganizani agogo ali pamzere kwa kalaliki, kunyumba amayankhula chilankhulo china, koma dzina loti zidzukulu zidzanyamule asankhe lomwe boma lingavomere.

Okonda basketball mukumudziwa Hedo Türkoğlu, uja anasewera ku Sacramento Kings ndi Orlando Magic. Anabadwira ku Istanbul mu 1979 koma makolo ake ndi ma Bosniak, mtundu wa Asilamu a ku Balkans kummwera chakummawa kwa Ulaya, ochokera dera la Sjenica ku Serbia.

Ndiye bambo a kuntchitowo atha kukhala a chi Turkey enieni, athanso kukhala kuti azigogo awo anachokera ku Balkans kapena ku Caucasus, dera la mapiri kumpoto chakummawa kwa Turkey. Mukafuna kudziwa afunseni kwawo nkuti, iwo amati memleket, funso limeneli amafunsana tsiku ndi tsiku ndipo ambiri amalikonda. Koma za mtundu musayambe ndinu, makamaka nkhani ya ma Kurd kumeneko ndi yowawa, asiyeni anene okha akafuna.