Mudzi wa Navala ku Fiji

Mwafunsa ngati ku Fiji, dziko la zilumba za m'nyanja ya Pacific, kudakali mudzi umene anthu ake amakhalabe m'nyumba zofolera ndi udzu. Ulipo ndithu, dzina lake ndi Navala, ndipo uli m'mapiri a pachilumba cha Viti Levu, m'mphepete mwa mtsinje wa Ba. Nyumba zake, zimene eni ake amazitcha bure, zinamangidwa m'mizere, makoma ake ndi a nsungwi zoluka, ndipo m'katimo anthu amakhala pamphasa. Ambiri ndi alimi a chinangwa ndi zilazi. Mukadzapitako, musadzalowe chimanjamanja, pakuti mlendo amayamba wapereka mizu ya kava, chomera chimene amapangira chakumwa cha pamiyambo, kwa mfumu pamwambo wotchedwa sevusevu. Chipewa mudzachivulenso, chifukwa kuyenda nacho kumutu m'mudzimo amakuona ngati kunyoza mfumu.