Ndi chromium imeneyo, musasinthe yankho

Achemwali, pa funso la chemistry lofuna dzina la element poona momwe ma electron ake akhalira, mwayankha kuti ndi chromium. Musafufute, mwakhoza. Pa 1s2 2s2 2p6 3s2 3p6 4s1 3d5 mwaikayo ingowerengani manambala apamwambawo (obwera pambuyo pa zilembo s, p, d), ndiwo kuchuluka kwa ma electron. Kufika pa 3p6 ndi 18, ndiye argon, kuphatikiza 1 ndi 5 akukwana 24. Palibe charge (plus kapena minus), ndiye ma electron ndi ma proton ndi ofanana. Ma proton ndiwo amapereka nambala ya element, ndipo nambala 24 pa periodic table ndi chromium. Amene akukuuzani kuti funsolo ndi lolakwika chifukwa mu 4s muli 1 osati 2 akukusocheretsani.

Ine funso lomweli linandiliza misozi. Tinkaphunzira part time pa Kamuzu Road, mwezi wa October, dzuwa la ku Salima lija malata akuchita kuthetheka, thukuta likudonthera pa kope. Aphunzitsi athu a chemistry anali okonda kudzionetsa ndi ma s, p, d. Pa test ndinalemba chromium 4s1 3d5 monga zinalili m'buku lomwe malume anandibwereka. Pobweza mapepala anandiitanira kutsogolo kuti ndijambule mabokosi a ma electron pa bolodi, muvi uliwonse kuimira electron imodzi. Ndinajambula asanu a 3d, muvi umodzi m'bokosi lililonse, yonse kuloza kumwamba, wina umodzi mu 4s. Iwo osayankhula, anangonyowetsa chala ndi malovu n'kufufuta muvi wa m'bokosi lomaliza, kuujambula mu 4s mozondoka, kuti ikhale 4s2 3d4. Nditati "koma buku likuti", anandilanda choko n'kundiuza kuti ngati ndikudziwa kuposa iwo ndibwerere ku Senga Bay ndizikayanika usipa. Kalasi yonse kuseka. Chonsecho ndalama yomwe ndinkawalipira mwezi ndi mwezi inkachokera pa usipa womwewo, mayi anga atapsa ndi dzuwa pa thandala. Ndinaima pamenepo manja ali mbuu ndi choko, miyendo ikunjenjemera.

Mpaka lero mtima umandiwawa. Munthu wamkulu, wolandira ndalama za ana a anthu osauka, kulephera kungotsegula buku? Anangoloweza kuti 4s imadzaza kaye 3d isanayambe, basi n'kumayesa kuti amaliza chemistry. Lamulolo ndi loona, n'chifukwa chake potassium ndi 2,8,8,1, koma chromium ndi copper sizilitsata. Copper, nambala 29, ndi 4s1 3d10. Atomu imakhazikika bwino 3d ikadzaza theka kapena yonse. Ndi ana angati anawaphunzitsa bodza lija asanafike kwa ine?

Pomwe mungagwe ndi pa ma ion, ma atomu omwe ataya kapena kulandira ma electron. Mukaona 1s2 2s2 2p6 musathamangire kulemba neon, yang'anani kaye ngati pali charge, chifukwa Na+, Mg2+, F- ndi O2- zonse zili ndi ma electron 10. Kuti mupeze nambala ya element, ngati pali plus, bwezerani ma electron omwe anachokawo, ngati pali minus, chotsani oonjezerawo. Fe2+ (ion ya iron) nayo ili ndi ma electron 24 ngati chromium, koma yake ndi 3d6, mu 4s mulibe kanthu chifukwa oyamba kuchoka ndi a mu 4s. Pa mabokosi werengani mivi yonse, osati mabokosiwo. Mu 2p mivi itatu yokhala payokhapayokha ndi nitrogen, bokosi limodzi likakhala ndi iwiri, wina m'mwamba wina pansi, enawo umodziumodzi, ndi oxygen.

Koma ndikuuzeni, achemwali, ngati aphunzitsi anu aumirira 4s2 3d4, musalimbane nawo pamaso pa anzanu. Pa test ya m'kalasi alembereni zomwe akufunazo, malikisi ndi anu. Za 4s1 3d5 muzisungire mayeso akuluakulu omwe amachonga anthu ena. Buku mukawaonetse pa awiri ku staff room, ndipo mukaona kuti nkhope yasintha, litsekeni muzipita.