Funsani Amakaniko: penti wosuluka, batire lofa m'mawa ndi fyuzi ya waya

Moni nonse owerenga. Mwezi uno mafunso ambiri abwera pa nkhani ya penti ndi magetsi a galimoto, nde ndasankhapo anayi, enawo tionana nawo ulendo wamawa. Maina sindilemba ngati mwa nthawi zonse.

FUNSO: Amakaniko, ndinaitanitsa ka Vitz kofiira ku Japan chaka chatha, kanafika kakuwala ngati kalilole koma pano padenga ndi pa boneti payamba kutuwa, ndipo ukakaona padzuwa pali timizere tozungulira thupi lonse. Chonsecho mnyamata wa pakhomo amakatsuka ndi safu pafupifupi daily. Ndalakwitsa pati? (Mayi wa ku Area 25, Lilongwe)

YANKHO: Mayi, pepani kwambiri, ndikudziwa mmene zimawawira chifukwa ndalama yoti galimoto itsike pa Dar mpaka idutse pa Songwe si yamasewera. Koma yankho mwalinena kale nokha, ndi safuyo ndi katsukidweko.

Penti wa galimoto zambiri za masiku ano ali ndi kachikopa koonekera pamwamba pake komwe anzathu opopera penti amati kiliya, nkopyapyala kuposa tsitsi limodzi la m'mutu mwanu ndipo ndi komwe kamawala kaja, komanso ndi kamene kamatchinga dzuwa kuti lisadye mtundu uli pansiwo. Sopo wa ufa anamupangira kuchotsa mafuta ndi thukuta pa kolala ya shati, nde akafika pa galimoto amachotsa polishi yense nkusiya kiliya ali pamtunda, dzuwa la Okutobala likamenya pamenepo miyezi ingapo basi kutuwa kumayamba, ndipo kumayambira padenga ndi pa boneti chifukwa ndi malo oyang'ana kumwamba. Sopo wamadzi wotsukira mbale nayenso chimodzimodzi. Shampu wa galimoto alipo m'mashopu a masipeya ndipo kabotolo kamodzi kamakhalitsa chifukwa mumangothira kachivindikiro kamodzi kapena tiwiri mu ndowa.

Timizere tozungulirato ndi mchenga. Tayimani tsiku lina mumuone mnyamatayo mmene amachitira, ndowa imodzi, chiguduli chimodzi, wayamba matayala, wachiviika, wapita pa chitseko, chagwa pansi wachitola nkungochikutumula kenako pa boneti mozungulizazunguliza. Fumbi la ku Area 25 lija lili ndi timchenga, nde chigudulicho chimasanduka sandipepa. Musamukalipire, sanauzidwepo ndi munthu, ingomugulirani ndowa yachiwiri. Ayambe wathira madzi ambiri galimoto yonse kuti fumbi litsike lokha asanakhudze ndi dzanja, ndowa ina ikhale ya shampu ina ya madzi otsukuluzira kansalu, ayambire padenga kutsika m'munsi, matayala akhale omalizira ndipo akhale ndi chiguduli chaochao. Kansalu kakhale kofewa kaja ka microfibre. Ndipo chonde chizolowezi chopukuta fumbi ndi nsalu youma m'mawa mukamathamangira kuntchito chithe, bola ipite ndi fumbi lake.

Asamatsukire padzuwa boneti ili yotentha, makamaka ngati madzi ake ndi a pa mjigo kapena pachitsime, amauma msanga nkusiya timadontho toyera tovuta kuchoka. Ndipo daily ndi zambiri mayi, kamodzi pa sabata zakwana.

China chomwe anthu sachiwerengera ndi poimika. Tonse timathamangira pansi pa mtengo wa mango kufuna mthunzi, koma kumeneko nkomwe kuli utomoni ndi zitosi za mbalame, usiku mileme nayo imabwera. Chitosi chili ndi asidi, chikauma padzuwa masiku awiri atatu chimasiya chipsera mu kiliya chomwe sichichoka ndi sopo. Mukachiona musachikande ndi chikhadabo, nyowetsani kansalu mukaike pamwamba pake mphindi zingapo chifewe kenako muchinyamule.

Nde pa zomwe zachitika kalezi: yendetsani dzanja padengapo. Ngati pangotuwa koma pali see, munthu wodziwa kupolisha ndi makina akhoza kubwezeretsa kuwala, koma asakhale wa dzanja lolemera chifukwa rubbing compound, mankhwala opolishira aja, imadya kiliya yemweyo, si chinthu chopanga mwezi uliwonse. Koma ngati payamba kusupuka ngati khungu la njoka, pamenepo palibe polishi angathandize, nkupopera basi, ndipo wina asakudyereni ndalama kuti ali ndi mankhwala ake. Mukakonza muzipaka wax miyezi itatu iliyonse. Kudziwa kwake nkosavuta, mukathira madzi pa boneti nkumapanga timipira ndiye kuti wax akadalipo, madziwo akangoyala ndiye kuti watha. Mvula ikayamba muzithiranso madzi kunsi ndi m'makona a matayala, matope akakhazikika mmenemo amasunga chinyontho dzimbiri nkuyamba, ndipo galimoto zina zochokera kumadera a chisanu ku Japan zimabwera kale ndi dzimbiri kunsi chifukwa cha mchere womwe amathira m'misewu.

FUNSO: Bambo amakaniko, ndili ndi Sienta yomwe ndimanyamulira anthu. Ndagula mabatire awiri chaka chomwechino koma ikangogona masiku awiri osayenda m'mawa imangoti tcha tcha tcha osalira. Anzanga akuti mabatire a masiku ano ndi feki. Zinayamba nditaikitsa wailesi ya Android chifukwa yobwera nayo ija simagwira ma station ambiri. (Bambo wa ku Ndirande, Blantyre)

YANKHO: Achimwene, musagule lachitatu kaye. Mabatire osalimba alipo inde, koma awiri motsatana chaka chimodzi ine ndikukaikira galimotoyo osati batire, ndipo chiganizo chanu chomalizacho ndi chomwe ndagwira.

Wailesi zobwera ndi galimoto za ku Japan zambiri zimayambira pa 76 nkulekezera pa 90 FM pomwe ma station athu ambiri ali kumtunda kwa pamenepo mpaka 108, nchifukwa chake aliyense amasintha. Vuto ndi kalumikizidwe. Kumbuyo kwa wailesi kumakhala waya wachikasu yemwe amafuna moto nthawi zonse kuti isaiwale ma setting, ndi wofiira yemwe amayenera kulandira moto pokhapokha mwatembenuza kiyi. Ena pofuna kumaliza msanga amangowapota pamodzi nkulumikiza ku moto wa batire, nde mukazimitsa galimoto sikirini imada koma mkati wailesi ikadali maso, ikudya usiku wonse. Tibatire ta galimoto zimenezi ngati NS40 timasunga ma Ah 35 (muyezo wa moto womwe batire limasunga) kapena kucheperapo, chinthu chokoka 1 amp chikakhala masiku awiri chamaliza. Ndipo batire la galimoto silinapangidwe kuti lizitheratu, likafa kangapo motero mapuleti amkati amaonongeka osabwereranso ngakhale mulitchaje bwanji. Izi ndikuuzanso amene amazula batire la galimoto magetsi akazima kuti aonerere mpira, mukulifupikitsa moyo.

Pezani multimeter, mita yoyezera magetsi ija, siyodula, kapena pitani kwa wamagetsi amene ali nayo, amene alibe mita ameneyo musamupatse galimoto. M'mawa musanalize yezani pa batire: 12.6 volts ndi lodzadza, 12.2 lili pa theka, kutsika pa 12 latha. Lizani injini muyezenso, pazioneka pakati pa 13.8 ndi 14.5. Zikakhala pansi pa 13 ndiye kuti alternator sikutchaja kapena lamba wake wakhwepa, zikadutsa 15 ikutchaja mopyola ndipo batire limatentha nkumanunkha ngati mazira owola. Zonsezi zikakhala bwino nde muyeze wakuba amene akudya moto galimoto ili yozimitsa: zimitsani zonse, tsekani zitseko, chotsani taminolo ya negative, ikani mita pa 10A pakati pa taminoloyo ndi mutu wa batire, dikirani mphindi 20 kapena 30 kuti kompyuta ya galimoto igone. Galimoto yabwinobwino imakoka osapitirira ma milliamp 50. Zikachuluka muzizula ma fyuzi imodziimodzi mukuyang'ana mita, pomwe nambala yagwa ndi pomwe pali wakubayo. Ikapanda kukhala wailesi onani alamu, tracker kapena kagetsi ka ku buti.

Muonenso mitu ya batire, ngati pali ufa woyera kapena wobiriwira sungunulani soda yemwe uja amayi amathira mu therere m'madzi ofunda, tsukani ndi kamswachi kakale, umitsani, mangani zolimba nkupaka Vaseline pang'ono pamwamba. Pomasula yambani negative, pomanga negative ikhale yomalizira, kuti sipanala ikagunda bodi pasathetheke moto. Ngati ndi batire la tizivindikiro muzionjezera madzi a batire ogula aja okha, osati a pampopi ndipo osati asidi.

FUNSO: Fyuzi ya pa laita, soketi yoyatsira fodya ija, imangopsa ndikalumikiza pampu ya matayala, nde wina wandiikira kawaya m'malo mwake ndipo zikugwira bhobho. Pali vuto? (Mnyamata wa ku Chibavi, Mzuzu)

YANKHO: Mphwanga, kachotse lero lomwe usanawerenge funso lotsatira. Fyuzi ntchito yake nkupsa, imadzipereka kuti mawaya asapse. Ukaikapo waya kapena kapepala konyezimira ka mu paketi ya fodya ndiye kuti chomwe chipse ndi mawaya a kuseri kwa dashibodi. Ndinalandirapo Corolla ina pa galaja itakokedwa ndi chingwe, mwini wake manja akunjenjemera, anali ndi ana awiri kumbuyo utsi utayamba kutuluka m'mabowo a mpweya. Titamasula dashibodi tinapeza mtolo wonse wa mawaya utasungunuka nkugwirana ngati phula, fungo lake linakhala m'zovala zanga mpaka mawa lake, ndipo pa bokosi la ma fyuzi panali kawaya ka kopa kopindidwa bwinobwino. Galimoto imeneyo inakhala miyezi pa galaja kudikira mawaya ena.

Ma fyuzi ali ndi mitundu: yofiira 10A, yabuluu 15A, yachikasu 20A, yobiriwira 30A. Bwezera ya nambala yomwe yalembedwa pa chivindikiro cha bokosilo, osakweza. Pampu yakoyo ikukoka moto woposa mphamvu ya soketi, igulire timano toluma pa batire tokhala ndi fyuzi yakeyake ndipo uzipopa injini ikulira.

FUNSO: Amakaniko ena anazula taminolo ya batire injini ikulira kuti aone ngati alternator ili bwino, galimoto sinazime nde anati ili bwino. Koma kuyambira tsiku limenelo pa dashibodi payaka check engine. Zikugwirizana? Komanso ndiphunzitseni kujampa, ndimaopa. (Mayi wa ku Mangochi)

YANKHO: Zikhoza kugwirizana ndithu mayi, ndipo kayezedwe kameneko kamandipweteka mtima ndikakaona. Kankagwira pa galimoto zakale za kabuleta zopanda kompyuta. Batire limagwiranso ntchito yomeza moto ukadumpha, mukalichotsa injini ikulira moto wa alternator umatha kukwera mwadzidzidzi nkuotcha kompyuta, ma sensor kapena alternator yomweyo. Pitani akaike makina a diagnosis awerenge code, mwina ndi yongofufuta, koma musachedwe ndipo asakuyambeni ndi kugula masipeya asanawerenge.

Kujampa musaope. Galimoto ziwirizo zisagundane, zonse zikhale zozimitsa. Chingwe chofiira pa plus ya batire lakufa, mbali inayo pa plus ya lamoyo. Chakuda pa minus ya lamoyo, mbali yotsalayo muilumitse pa chitsulo cha injini ya galimoto yakufayo patali pang'ono ndi batire, chifukwa batire limatulutsa mpweya woyaka ndipo kamoto kothetheka kaja sikafunika pafupi. Lizani yamoyo idikire mphindi zisanu, kenako yesani yanuyo. Pochotsa muyambire komwe munamalizira. Chachikulu yang'anani chizindikiro cha + ndi − pa batire penipenipo ndi tochi, musadalire mtundu wa mawaya chifukwa galimoto zambiri zinasinthidwasinthidwa, mukasemphanitsa kamodzi kokha fyuzi yaikulu ndi alternator zikhoza kupsa. Ikalira iyendeni mphindi 30 kapena kuposa osazimitsa.

Poti muli ku Mangochi ndionjezere kuti kutentha kwa kunyanja ndi ku Lower Shire kumaumitsa madzi a batire msanga kusiyana ndi ku Dedza, nde muzisuzumira mwezi uliwonse. Ndipo ngati galimoto yanu ndi ija imazima yokha pa maloboti, idling stop, ili ndi batire lakelake lolembedwa zinthu ngati M-42 kapena Q-85, pogula lina mutenge chithunzi cha lakalelo pa foni mukawaonetse.