Viza ya maphunziro ku South Africa imafa tsiku limene mwana wachoka pa sukulu yake

Mayi a ku Luchenza, mwalemba kuti mwana wanu wamkazi anapita ku South Africa ndi viza ya maphunziro ya zaka zitatu. Ataphunzira chaka chimodzi pa yunivesite ina ku Durban, amalume ake anamuitanira ku Pretoria kuti azikhala nawo, musamavutike ndi lendi, ndipo anamuuza kuti viza ndi viza basi. Tsopano yunivesite ya ku Pretoria ikukana kumulembetsa. Mukufunsa kuti akumukaniranji pomwe pasipoti ikuonetsa kuti kwatsala zaka ziwiri.

Yunivesiteyo sikulakwitsa, ndipo vuto lenileni likhoza kuposa kukanidwako.

Viza imeneyi imaperekedwa pansi pa gawo 13 la Immigration Act ya 2002, lamulo la South Africa la olowa ndi kutuluka m'dziko, ndipo si chilolezo chophunzira paliponse. Imamangiriridwa ku sukulu imodzi. Muuzeni mwanayo awerenge mawu ang'onoang'ono olembedwa pa vizayo, apeza dzina la sukulu ya ku Durban. Koma msampha umene ndaona ukugwetsa ana ambiri uli m'malamulo a 2014 otsatira lamulo lalikululi. Ndime 12 imanena kuti viza imatha mphamvu yokha ngati mwini wake walephera kulembetsa pa sukuluyo, kapena wachotsedwa m'kaundula wake, nthawi ina iliyonse. Sikubwera kalata yokudziwitsani. Palibe amene amadinda papasipoti kuti yathetsedwa. Chomata cha viza cha m'pasipoti chimaoneka chabwinobwino, deti yake ili patali, pamene mwalamulo chinafa kale. Ndipo musaganize kuti a Home Affairs, nthambi ya boma la South Africa yoona za maviza, sangadziwe: popereka kalata yothandizira viza, sukulu imalonjeza kuti idzawauza pasanathe masiku 30 wophunzira akachotsedwa m'kaundula.

Choyenera chinali kupeza kalata yoti walandiridwa ku Pretoria, kupempha kusintha zolembedwa pa viza kudzera ku VFS Global, kampani yolandira mafomu a viza m'malo mwa Home Affairs, pa fomu ya DHA-1740 akadali wophunzira wa ku Durban, kudikira yankho, kenako n'kutsanzika. Ana ambiri amayamba ndi kutsanzikako, poti ndi kumene kuli kosavuta. Amalumewo ndikudziwa kuti anafuna kukupepuzirani katundu, ndipo kwathu kuno mawu a malume sitiwatsutsa wamba. Komabe kukhala zaka zambiri ku Joni sikumupanga munthu kukhala wodziwa malamulo olowera ndi kutuluka m'dziko. Foni imodzi ku ofesi ya ophunzira akunja ikanakwanira. Maofesiwonso amandikhumudwitsa: amalandira fomu yochokera pa sukulu kwa mwana wakunja osamuchenjeza n'komwe kuti akusaina imfa ya viza yake.

Ndiye funso loyamba, lomwe kalata yanu sinayankhe, ndi ili: kodi ku Durban anamuchotsadi m'kaundula, ndipo linali tsiku liti? Apemphe zimenezi polemba. Ngati sanachotsedwe, asasaine kalikonse. Alembetse komweko ngati n'kotheka, apemphe kusinthako ali wovomerezeka. Zikutanthauza kulipira kumene amafuna kuchoka, ndikumvetsa kuti ndalama ya masamba a tiyi sibwera mophweka, koma ndi njira yotsika mtengo poyerekeza ndi inayo.

Ngati anachotsedwa kale, sindikulonjezani chilichonse. Munthu wopitirira nthawi yake m'dzikomo amalengezedwa kuti ndi wosafunidwa pamene akutuluka: chaka chimodzi ngati wapitirira ndi masiku osaposa 30, zaka zisanu ngati waposa pamenepo. Ngati wa pa chipata angawerenge kuyambira tsiku lochotsedwa m'kaundula kapena angoyang'ana deti ya pa chomata, zimatengera zomwe zili mu kompyuta yawo. Musaike tsogolo la mwana pa mwayi wotero. Asanakwere basi kapena ndege, akaonane ndi loya wa nkhani za anthu olowa ndi kutuluka wa ku South Africa komweko, atanyamula pasipoti ndi makalata a masukulu onse awiri. Nthawi zambiri malangizo amakhala oti abwerere kumudzi, akapemphe viza yatsopano ku ofesi ya kazembe wa South Africa ku Lilongwe. Tsiku lililonse lochedwa likhoza kuwerengedwa.

Wina adzakuuzani kuti angotuluka pa Beitbridge n'kulowanso ndi masiku 30 omwe Amalawi timapatsidwa ngati alendo. Musamvere. Mlendo saloledwa kusintha n'kukhala wophunzira ali m'dzikomo, kupatula pa zifukwa zapadera zochepa zomwe nkhani yanu ilibe, ndipo pa chipata pomwepo ndi pamene chiletso chingamugwere.

Zotsalazi n'zachidule. Atsimikize kuti sukulu yatsopanoyo ndi yolembetsedwa ku unduna wa maphunziro apamwamba wa dzikolo. Akonze kalata yomulandira yotchula kutalika kwa maphunziro, umboni wa ndalama, kalata ya polisi, ndi inshulansi ya chipatala ya kampani yolembetsedwa ku South Africa. Ya kuno siloledwa. Risiti ya VFS si viza, asayambe kalasi chifukwa cha iyo pokhapokha yunivesite itavomera polemba. Ganyu wa maola 20 pa sabata amaloledwa kwa amene viza yake ili moyo, choncho aimitse kaye. Akakanidwa viza, apilo imapita kwa mkulu wa Home Affairs pasanathe masiku 10 ogwira ntchito chilandirireni kalatayo, ndiye alembe tsiku limene wailandira. Ndipo asapereke pasipoti kwa dobadoba aliyense wonena kuti ali ndi munthu mkati. Chidindo chabodza chikapezeka, mlandu umakhala wa mwini pasipoti.