Kwa achemwali omwe mabisiketi awo a oats akutuluka ouma gwa

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga kawiri konse. Mwati munachotsa shuga yense ndi batala yense, m'malo mwake munathira uchi, ndiye mabisiketi a oats aja atuluka ouma gwa, ena akungonyenyeka m'manja, ana alawa kamodzi n'kuwasiya pambale. Musataye mtima ayi, maganizo anuwo ndi abwino ndithu, kungoti mwachotsa zonse pakamodzi, vuto lagona pamenepo.

Shuga mu bisiketi ntchito yake si kutsekemera kokha. Ndi amene amasunga chinyezi kuti bisiketi isaume, akasungunuka mu uvuni muja ndi amene amaitambasula, olo kufiirira kwa m'mbali kuja kumabwera ndi iyeyo. Batala naye ndi wofewetsa. Ndiye awiriwa akachoka onse ma oats amatsala okhaokha ndi fulawa, ndipo ma oats ndi omwa madzi koopsa, kanyontho kalikonse kali m'mbalemo amakatsopa. Mwana sangadye zimenezo, ngakhale wamkulu amene.

Za uchi ndinene mosabisa chifukwa ambiri timapusitsika nazo: thupi limaulandira ngati shuga basi. A WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, amauwerengera pamodzi ndi shuga wothira uja, ndipo amati munthu wamkulu asamapyole magalamu pafupifupi 50 patsiku, amenewo ndi masupuni a tiyi 12, akatsika kufika 25 ndiye bwino kwambiri. Uchi umapsereranso msanga mu uvuni kuposa shuga. Komanso chonde ngati pakhomopo pali mwana wosakwana chaka asalawe uchi, olo wa mu zophika, umatha kumudwalitsa matenda oopsa a botulism. Shuga wabulawuni nayenso si mankhwala, ndi shuga yemweyo wokhala ndi molasses pang'ono (manyuchi akuda aja otsala popanga shuga), ine ndimamukonda chifukwa amafewetsa bisiketi komanso amathandiza soda kugwira ntchito, osati kuti ndi wathanzi.

Mmene ndimapangira ine ndi chonchi. Ma oats kapu imodzi ndi theka, fulawa wabulawuni wosachotsa gaga uja magalamu 90, batala magalamu 60 wosungunula, dzira limodzi, nthochi imodzi, shuga wabulawuni magalamu 65, soda theka la supuni ya tiyi, sinamoni supuni ya tiyi imodzi, kamchere kotsina ndi zala, mukafuna muwonjezere mphesa zouma kapena mtedza wokazinga wosinja mwachisawawa dzanja limodzi. Pamatuluka mabisiketi 18, ndiye mukawerengetsa shuga wothira pa bisiketi imodzi sakukwana ndi supuni ya tiyi yomwe. Maresipi ambiri amathira shuga woposa kapu yathunthu pa makapu 3 a oats, apa tatsitsa pafupifupi ndi theka koma sitinamuthamangitsiretu.

Nthochiyo ndiye yalowa m'malo mwa batala ndi shuga amene tachotsa uja, nde isakhale yongoyamba kupsa. Ikhale ija khungu lake lachita mawangamawanga akuda, ija anthu amafuna kutaya, mukaisenda imachita kununkhira khitchini yonse ndipo mukaikanya ndi foloko simachedwa kusanduka phala. Muisakanize kaye ndi batala, dzira ndi shuga, kenako zouma zija mulowetsemo n'kutakasa pang'ono chabe mpaka fulawa asaonekenso. Kutakasa kwambiri kumalimbitsa mabisiketi, si buledi uyu wofuna kukanda.

Tsono apa mpomwe ambiri timapupuluma. Mukasakaniza vindikirani mbaleyo muiike mu filiji mphindi 30. Poyamba zimaoneka zamadzimadzi mpaka mtima umafuna kuwonjezera fulawa, osawonjezera! Dikirani, mukabwerako mupeza ma oats amwa okha, zalimba zoti supuni ikuima chilili pakati. Ma oats akamwa asanalowe mu uvuni amapsa ofewa, samalasa m'kamwa. Mphesa zouma nazo muziviike kaye m'madzi ofunda mphindi 10 n'kuzikhetsa, apo ayi zimalanda chinyezi cha bisiketi ndipo zili pamwamba zimapserera n'kuwawa.

Uvuni muutenthetseretu pa 180°C. Tapani ndi supuni yaikulu muziika pa thileyi, ndiye chifukwa shuga ndi batala achepa mabisiketiwa satambasuka okha, mmene mwawaikira ndi mmene atulukire, choncho nyowetsani zala kapena foloko muwapsinje akhale aphwatalala ngati kunenepa kwa chala. Mphindi 10 mpaka 12 basi. Muziyang'ana m'mbali osati pakati, m'mbali mukangoyamba kufiirira tulutsani olo pakati pakuoneka ngati sipanapse, mukadina ndi chala pazilowa pang'ono. Asiyeni pa thileyi yotenthayo mphindi 5, amamalizika kupsa pomwepo. Ndikuganiza kuti anu aja munadikira kuti alimbe ali mu uvuni, bisiketi ikalimbira mkati muja ikazizira ndi mwala.

Mtundu wa ma oats nawonso umasintha zinthu. Ophwatalala aja olembedwa rolled pa paketi ndi amene ali bwino, umamva kuti ukutafuna chinachake. A instant ndi opyapyala kwambiri, amamwa madzi msanga ndiye bisiketi imauma kapena imakhala ngati keke. A steel cut, ongodulidwa tizidutswa tolimba aja, musayese n'komwe, mphindi 12 sangapse. Ine ndikakhala ndi nthawi ndimayamba ndawakazinga ma oats pa pani youma mpaka amveke kafungo ngati ka mtedza, akazizira ndiye n'kusakaniza, fungo limenelo pamodzi ndi sinamoni limapangitsa kuti m'kamwa musadandaule za shuga wachepa uja.

Pa nkhani ya thanzi ndisakunamizeni. Ma oats ali ndi fiber yotchedwa beta-glucan imene imathandiza kutsitsa cholesterol (mafuta a m'magazi), mpaka a FDA, bungwe la boma loona za zakudya ndi mankhwala ku America, anavomereza mu 1997 kuti zimenezi zizilembedwa pa mapaketi, koma muyezo wake ndi magalamu 3 a beta-glucan patsiku, kutanthauza ma oats opitirira theka la kapu. Bisiketi imodzi mwa athuwa ili ndi ma oats magalamu 8 chabe. Ndiye ndi abwino kuposa ogula ambiri, inde, amakhutitsanso msanga, koma awiri ndi tiyi akwana. Ngati m'nyumbamo muli wa matenda a shuga akumbukire kuti nthochi, mphesa zouma ndi fulawa zonsezi zimakweza shuga m'magazi, kwa iwowo mphesa muzichotse muike mtedza, ndipo za kuchuluka kwake afunse kuchipatala komwe amaonedwa.

Kwa anawo, popeza anakhumudwa kale, ulendo woyamba musatsitsenso shuga kuposa apa. Akawazolowera muchepetse masupuni awiri, ulendo wina awirinso, kusintha chinthu chimodzi pa ulendo umodzi kuti zikalakwika mudziwe chalakwitsa n'chiyani. Ndipo chifukwa cha nthochi ija mabisiketiwa sakhalitsa ngati ogula, m'kontena yotseka bwino masiku atatu, kupitirira apo mu filiji, kapena muumitse ena mu fiiza osaphika muzingotulutsa ochepa n'kuwonjezera mphindi ziwiri mu uvuni. Mutiuzeko kuti munagwiritsa ntchito ma oats amtundu wanji komanso anakhala mphindi zingati mu uvuni, tione ngati palinso china chofunika kukonza.