Yankho kwa amalume: sukulu yomwe inandijombetsa chinkhoswe

Amalume, mwadzuka bwanji uko? Ndaumva uthenga wanu uja munafunsa kuti, "Kodi mwana iwe sukulu sunamalize kalekale? Nanga m'kalasi umatanimo mpaka osaimba foni tsiku la chinkhoswe?" Pepani ndithu, zinandikhudza. Ndili m'galimoto panja pa chipatala, ndangoweruka ntchito ya usiku, ndiye mawu akasasa musadabwe.

Sukulu ndinamaliza, amalume. Kuno ku America ntchito yangayi amaitcha physician assistant, mwachidule PA, ndipo ikufananako ndi ya ma clinical officer kwathu. Timaona odwala, kulemba mankhwala, kusoka mabala, koma timagwira limodzi ndi dokotala. Palinso anzathu otchedwa nurse practitioner, omwe anayamba ngati anamwino n'kuonjezera maphunziro mpaka kumaona odwala. Ntchito ziwirizi zinabadwa chaka chimodzi, 1965, yathuyi ku Duke University, yawoyo ku University of Colorado, chifukwa madokotala ankachepa. Ndiye kuno satifiketi si yokaika pansi pa sutikesi n'kuiwala ayi. Bungwe lathu la NCCPA limafuna mapointi 100 a maphunziro oonjezera pa zaka ziwiri zilizonse, ndipo pa zaka 10 zilizonse pamakhala mayeso. Anamwino aja satifiketi yawo amaikonzanso pakatha zaka zisanu. Ukanyozera imatha mphamvu, ndipo zipatala zambiri sizikulola kukhudza wodwala.

Ife a ku ER, kuja kwathu timati ku casualty, tili ndi makosi enanso pamwamba pake. ACLS ndi ya mtima ukaima mwa munthu wamkulu, PALS ndi ya ana, zonsezi timabwereza pa zaka ziwiri. Yomwe inandigwira Loweruka lija ndi ATLS, ya ovulala pa ngozi, imene timabwereza pa zaka zinayi. Inayamba ndi dokotala wa mafupa, James Styner, yemwe mu 1976 anagwa ndi kandege kake ku Nebraska. Mkazi wake anafera pomwepo, ana ake anavulala, ndipo kachipatala komwe anafikirako sikanali kokonzeka kulandira ngozi yotere. Pofika 1978 kosi yoyamba inali itaphunzitsidwa.

Komatu musaganize kuti timakhala pa desiki n'kumakopera zolemba. Foni amatiuza tizimitse. Pabedi pamagona chidole chachikulu ngati munthu, chimapuma, chifuwa chikukwera n'kutsika, ndipo mphunzitsi amakhala pambali n'kumasintha manambala pa makina. Amangoti, "Mnyamata wa zaka 20, wagwa pa njinga yamoto, mpweya ukumuthera, BP ikutsika. Yamba." Ndiye uyambe ndi njira ya mpweya, kapumidwe, kenako magazi, mwandondomeko yake, uku ukutchula mokweza chilichonse ukuchita kuti anzako amve. Ukadumpha chimodzi, manambala aja amagwa anthu onse akuona. Thukuta limatuluka lenileni, amalume, ngakhale ukudziwa kuti ndi pulasitiki.

Phindu lake ndinaliona ndi maso angawa. Pali kachipangizo konga dirilo kamene timaboolera fupa la mwendo, m'munsi pang'ono mwa bondo, kuti madzi ndi mankhwala zilowere m'mafuta a m'fupa pamene mitsempha yakanika kupezeka. Kwa wamkulu ndinali nditachitapo, kwa mwana ayi, kupatula pa fupa la pulasitiki ku kosi ya PALS. Patangotha miyezi ingapo, usiku wina anabwera nako kamwana kosakwana chaka, kotsegula m'mimba ndi kusanza, maso atalowa m'kati, liwombo litalowanso, manja ali zii. Anamwino anayesa dripu kawiri, mtsempha osaoneka. Mayi ake anaima pakhomo atagwirizira kansapato kamodzi ka mwanayo. Ine mtima unkagunda kwambiri, koma chala changa chinapita chokha pamalo pake, n'kupeza kafupa kotukuka kaja, n'kusunthira m'kati pang'ono. Singano inalowa, madzi anayamba kuyenda. Kutacha kamwanako kanalira mokweza ndithu. Zinthu zotere sizibwera sabata iliyonse, ndipo manja akapanda kuzibwereza amaiwala.

Chinanso n'chakuti zimene tinaphunzira kusukulu zimasintha. Kale tinkaphunzitsidwa kuti munthu mtima ukaima, yamba kumupatsa mpweya. Mu 2010 a bungwe loona za mtima la American Heart Association anatembenuza, anati yamba kupsinja pachifuwa, ndipo lero timapsinja ka 100 mpaka 120 pa mphindi. Lamba womanga mwendo kuti magazi aleke kutuluka, tourniquet, kale ankati ndi wogwiritsa ntchito zonse zikakanika, poopa kuti munthu aduka mwendo. Zimene madokotala a asilikali anaona ku Iraq ndi ku Afghanistan zinasonyeza kuti kumanga msanga kumapulumutsa moyo. Koma yomwe imandigwedeza kwambiri ndi kafukufuku wa FEAST wa mu 2011, wochitikira ku Uganda, Kenya ndi Tanzania pa ana oposa 3,000 otentha thupi kwambiri amene magazi sankayenda bwino. Aliyense ankakhulupirira kuti kuwathira madzi ambiri mwachangu m'mitsempha n'kuwathandiza. Zotsatira zinaonetsa kuti mwa ana othiridwa madziwo anamwalira ambiri kuposa mwa osathiridwa. Apa sindikunena za ana otsegula m'mimba ngati uja ndanena, iwo madzi amafunika ndithu. Tangoganizani munthu wa mtima wabwino, wolimbikira ntchito, koma wosamva zimenezi, akuchitabe za kale.

Ndipo musaone ngati ndi za azungu zokha. Kosi ya ETAT, yosankha msanga ana odwalitsitsa pa mzere kuti asafe akudikira, mizu yake ili kwathu, ku Queens ku Blantyre, kumene Pulofesa Elizabeth Molyneux ndi anzake anasintha kalandiridwe ka ana. Imfa za ana ogonekedwa zinatsika kuchoka pa 10 mpaka 18 pa 100 alionse kufika pa 6 mpaka 8. Bungwe la WHO limaiphunzitsa m'maiko ambiri. Ndiye msuweni wanga uja wa pachipatala cha boma, mumuuze kuti akamuitana ku ETAT kapena ku kosi ya Basic Emergency Care, ya chithandizo choyamba kwa odwala mwadzidzidzi, asazengereze, ndipo akabwerako aphunzitse anzake a mu wodi, ngakhale mlonda wa pageti, chifukwa ndiye woyamba kumuona mayi atabereka mwana wokomoka. Mabuku anga a PALS ndimutumizira munthu akamabwera uko.

Zithunzi za chinkhoswe ndaziona zonse, akwati anatchena zedi. Ndiimba Lamulungu mukabwerako kutchalitchi, azakhali akhale pafupi ndiwapepese ndekha. Pano ndikagone kaye, madzulo ndibwereranso.